Mafuta Osagwirana M'chisanu

"Musandiuze za oyilo ine, alamu. Mwana wa mlongo wanga wagona kuchipatala mwendo uli m'chikhakha, inu mukundiwerengera mitundu ya mafuta. Kokani chigalimoto chanu chokhwimiracho muzipita kwanu ku Bembeke. Pano mudabwera ndi bulangete lokha. Ana ndi athu."

Wolankhulayo adali Timoteyo, mwinimbumba, ataima pabwalo la mlongo wake Dorika, baji ya chipani ikung'anima pachifuwa. Wouzidwayo adali a Alufeo, amuna ake a Dorikayo, munthu wa imvi kale, ataimitsidwa ngati mwana wasukulu pakhomo pa nyumba ya malata imene adamanga okha. Anthu adadzaza kuseri kwa mipanda kumvetsera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adatsokomola. Dorika adakhala pakhonde maso ali pa zala zakumapazi.

Kuti chipongwe chimenechi chikuwaweni bwino, yambani mwamudziwa munthu amene adachitiridwa.

A Alufeo adabadwira kumtunda kwa Bembeke, m'banja la Angoni oweta ng'ombe. Sukulu adangoinunkhiza. Ndevu zitangoyamba kumera adalembetsa ulendo wa ku Joni, ndipo unyamata wawo udathera pansi pa nthaka, kukumba golide amene sadamugwirepo m'manja. Tsiku lina mwala udawadula zala ziwiri za kumanja. Akuluakulu a pamgodi, m'malo mowabweza kumudzi, adawaponya kugalaja kuti azikasesa, osadziwa kuti awaponya pamene padali moyo wawo. Wosesa uja adayamba kupatsira masipanala, kenaka kugona pansi pa magalimoto, mpaka khutu lawo lidafika pomva nthenda ya galimoto ikadali patali.

Pa tchuthi china adakwatira Dorika, wa mudzi wina kunsi kwa phiri la Mphunzi, navomera chikamwini. Abale awo adaseka mpaka kugwira nthiti, ati Mngoni wamtundu wanji wokalima munda wa apongozi. Iwo adangoti mkazi amufuna, kumene ali n'komwe akakhale. Ana adabadwa, woyamba Esitere, mtsikana amene adatenga mphumi ya bambo ake ndi kuuma mutu komwe, koma chimtali ankachivina mpaka amayi a midzi ina kusiya kuwomba m'manja n'kumangoyang'ana.

Chaka chimene ulendo wa ku Joni unkatsekedwa, anzawo adabwerako ndi masuti, njinga ndi magumbagumba. A Alufeo adabwera akuyendetsa pikiapu yakale yokoka mawilo onse anayi, imene mgodi udaitaya iwo n'kuidzutsa ndi manja awo operewera zalawo. Kumbuyo adamangirira chigubu chachitsulo chomata bwino. Dorika adayesa ndi mafuta ophikira. Atamva kuti ndi oyilo wa difu, ndiponso kuti wayilesi imene adalonjezedwa idatsala m'sitolo chifukwa cha chigubucho, adatha masiku osawasekerera amuna ake.

Difu, kwa inu amene simudagonepo pansi pa galimoto, ndi chibumu chija chonga dzungu chimene chimakhala pakati pa mawilo. M'kati mwake muli magiya olumana mano, ndipo manowo akasowa mafuta oyenera amadyana okhaokha. Pikiapu ya a Alufeo idali ndi madifu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Oyilo wake wamasiku onse, amene aliyense ankagula pa boma, ndi wolemera, ndipo m'chisanu cha Juni amagwirana ngati phala la dzulo. Madalaivala a kuno ankayamba aika chitini padzuwa kuti atheke kutsanulika. Koma kugalaja kuja a Alufeo adali ndi mnzawo Msuthu, wa kumapiri kozizira kuposa kwathu kuno, amene adawaonetsa oyilo wa mtundu watsopano, wa sinthetiki. Adawauza kuti ameneyu chisanu sachimva, kutentha kwa pachitunda sakuopa, ndipo sakalamba msanga. A Alufeo adamutikita pakati pa zala, namununkhiza, naganiza za zitunda za ku Mphunzi ndi matumba a mbatatesi. Wayilesi idagonja pomwepo.

Pikiapu imeneyo idadyetsa mudzi, ndipo amene angakane ndi wabodza. Mbatatesi, kabichi ndi nyemba zimene kale zinkaolera m'madimba zidayamba kufika pamsewu wa tala ndi pa boma. Wodwala idanyamula, bokosi la maliro idanyamula, mwini wake osatambasula dzanja. Loweruka lililonse a Alufeo ankayala saka pansi, kumasula bawuti wa difu, kupisamo chala, kuyang'ana, kununkhiza, n'kumanganso. Dorika ankawaseka kuti iye mkazi wawo sadamufunsepo za moyo wake kawirikawiri chotero.

Koma anthu athuwa maso awo sagona. M'mawa wina wa Juni, udzu uli mbuu, a Alufeo ankawonjezera oyilo mu difu, ndipo amayi opita kumadimba adaima kuonerera. M'nyumba zawo mafuta a nkhumba adali atauma ngati sopo, ophikira omwe atachita phala m'botolo. Awa ankatsika m'chigubu mosalala, owala ngati uchi wa m'chilimwe. Mayi wina, a Bernadetta, adafunsa mnzawo chapansipansi kuti mafuta osagwirana m'chisanu cha ku Dedza ndi a nyama yanji. Funso limenelo lidayenda m'mudzi kuposa pikiapu. A Alufeo lidawafika, ndipo sadaliyankhe. Adali munthu wa mawu ochepa, oumanso, woganiza kuti ntchito ya munthu imamuyankhira yokha.

Tsopano Timoteyo. Ameneyu ankacheka matabwa a paini ndi sowo, ali ndi ngolo yake ya ng'ombe, ali ndi mpando wa chipani pa nthambi, ndipo zitatu zimenezi zidamukuza mutu mpaka chipewa chidaleka kumukwana. Ngoloyo, monga ngolo zambiri za kuno, idakhazikidwa pa ekiselo, chitsulo chogwira mawilo, ya galimoto yakufa, difu yake ikadali pomwepo. Kukazizira inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, mudzi wonse n'kudziwa kuti apampando adzuka. Mankhwala ake Timoteyo ankathiramo oyilo wakuda wotayidwa mu injini, n'kusakaniza utuchi kuti phokoso lizime. Kwa ngolo yoyenda mwang'ombe zimenezo zimapirira masiku angapo, kenaka kulira kumabwerera. Ndiye tsiku lina adabwera ndi chitini kudzapempha wa m'chigubu uja.

"Awa si a ngolo, alamu," adatero a Alufeo, osadzuka n'komwe pa saka.

M'chigubu mudali mutatsala pang'ono, ndipo wotsalayo adathera m'madifu mwezi womwewo. Koma Timoteyo zimenezo sadazimve. Iye adangomva mkamwini akumumana iye mwinimbumba pamaso pa akazi. Adaseka ndi mano okha nabwerera, chitini chikulira m'manja.

Chilimwe chitafika, chifuwa cha kumgodi chidawagwetsa a Alufeo, nagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Pikiapu idatsala pansi pa chisakasa chake. Pamene ankatuluka, adapeza matumba a mbatatesi ataunjikidwa kale pabwalo, eni ake akudandaula kuti ziyamba kuphuka. Adatenga saka lawo kuti agone pansi aone difu, koma Dorika adawalanda, ati munthu wotsokomola chonchi sagona pa dothi lozizira, galimoto yangokhala yaonongeka ndi chiyani. A Alufeo adamvera. Amayi adakwera pamwamba pa matumba, Esitere pakati pawo ndi dengu lake la kabichi.

Khutu lija lomva nthenda ya galimoto ikadali patali tsiku limenelo silidamve kanthu. Chitunda choyamba adakwera, chachiwiri adakwera, pansi pali zii. Atayenda mtunda ndithu, akutsetsereka kulowera pa kamlatho, fungo la chinthu chopserera lidawapeza. Asanaponde buleki, mawilo akumbuyo adagwira nganganga. Pikiapu idakhwekhwerezeka, idatembenuza matako, n'kukagona chammbali m'ngalande. Amayi ena adagwera pa udzu nadzuka ndi mikwingwirima. Esitere adagwera pansi pa matumba, mwendo utapanikizika ndi chitsulo cha m'mbali, ndipo fupa la ntchafu lidathyoka moti aliyense adalimva.

Munthu woyamba kunena kuti galimoto yafuna magazi adali Timoteyo. Adanenera pachipata cha chipatala, mokweza, misozi ya ng'ona ili m'masaya. Adakumbutsa amayi za mafuta aja osagwirana, adafunsa kuti zala ziwiri zija zidapita kuti kwenikweni, adafunsanso kuti bwanji pa anthu onse adakwerawo wavulala ndi mwana wa mwini galimoto. Mawu amenewo adalowa m'wodi asanalowe a Alufeo. Iwo atafika ndi buledi ndi nthochi, Esitere adawayang'ana kamodzi, natembenukira kukhoma. Bambo ake adamuitana dzina, adamuitana kuti mayi. Mwanayo adangokoka bulangete mpaka kumutu.

Patapita masiku ochepa ndi pamene Timoteyo adaima pabwalo paja n'kuwathamangitsa. A Alufeo adayesa kunena za oyilo, adadulidwa pakamwa. Adayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo adayang'ana mapazi. Adalowa m'nyumba, natenga bokosi la masipanala ndi bulangete, poti bulangetelo n'limene adauzidwa kuti ndi lawo.

Lole ya mnzawo wina idanyamula pikiapu mpaka ku Bembeke, pakhomo pa mng'ono wawo Rafaelo. Kumeneko a Alufeo adayala saka namasula difu yakumbuyo. Mudatuluka phala lakuda bii, lonunkha injini, lodzaza utuchi wa paini, mano a magiya atasakanikiramo ngati chimanga chofumbwa. Adakwawira kutsogolo namasula inayo. Oyilo wawo adatsika bwinobwino, woyera monga adamuthirira. Adakhala pansi nthawi yaitali, dzanja lina lakuda, lina lowala. M'mudzi monse muja wothira utuchi mu difu adali mmodzi. Mbuli ija idakhetsa oyilo wakumbuyo, poti ndi kumene kudali kosavuta kufikira, n'kubwezeramo chakudya cha ngolo yake, poganiza kuti galimoto yosenza matumba pachitunda ndi chimodzimodzi ng'ombe ziwiri zoyenda zikubzikula. Ndipo mwana atathyoka, m'malo mogwada, fisiyo adasenzetsa bambo wa mwanayo ufiti.

Rafaelo adatulutsa chibonga nthawi yomweyo. A Alufeo adamuuza kuti achibweze. Masiku amenewo kumenya munthu wa baji kudali kudzikumbira dzenje, poti iye akangoti wanyoza chipani, anyamata a malaya ofiira amafika usanatsuke m'manja. Komanso mutu wa Timoteyo ukadasweka, Esitere akadangoti zoona bambo ake ndi munthu wa magazi. Iwo sankafuna mutu wake. Ankafuna pakamwa pake, pomwe padatuluka bodzalo, pakanike kutseguka anthu omwe aja akuona. Adakokolola phala lija nalitsekera m'chitini, wakutsogolo namuthira m'botolo, zonse naziika pansi pa bedi.

Dzinja lonse adalithera pamsewu pa Bembeke akukonza njinga. Adaonda, adaleka kucheza, ndipo amene ankawapatsa moni ankayankhidwa ndi mutu. Nkhani za ku Mphunzi zinkabwera ndi ogula mbatatesi. Esitere adatuluka m'chipatala, koma mwendo udafupika, akuyenda ndi ndodo. Mnyamata amene ankamufunsira adasowa ngati mame, ati kwawo akana mkazi amene adaperekedwapo kale nsembe. Nkhani iliyonse yotere a Alufeo ankaimeza osatafuna. Kenaka wogula wina, pongocheza, adati apampando masiku ano zikuwayendera, ngolo yawo idaleka kulira, imadutsa m'mawa ngati mphaka. A Alufeo adasiya kupopa tayala. Adafunsa ngati ili chete ngakhale kutazizira. Munthuyo adati ngakhale kutazizira.

Akadatha kupita mawa lake. Sadapite. Mboni yawo idali chisanu, ndipo adaidikira mpaka Juni.

Lamulungu limene adasankha ndi limene Timoteyo adalengeza kuti apereka matabwa a mabenchi kutchalitchi cha m'mudzimo. Munthu wofuna kuonedwa sabweretsa mphatso Lachitatu. Adabwera nayo pa ngolo mapemphero asanayambe, naimika pakhomo penipeni kuti wolowa aliyense ayambe wapunthwa pa ubwino wake. Tsikulo dzuwa silidatuluke. Chifunga chidakuta phiri, mphepo ikuluma makutu, ndipo anthu potuluka adali atafunda zitenje ndi mabulangete.

Adapeza a Alufeo ataima pambali pa ngolo, atavala jekete la ku Joni, khadi la chipani likusuzumira m'thumba kuti wina asayambire pamenepo. Rafaelo adali kumbuyo kwawo manja ali m'thumba. Pansi padali mbale zitatu zoyera. Phokoso lidazima. Amayi ena adakokera ana kumbuyo kwawo.

A Alufeo sadapereke moni. Adatsegula chitini nakhuthulira phala lakuda m'mbale yoyamba, ndipo lidagwa ngati ndowe, utuchi ukuoneka. Adati ichi n'chimene adachipeza mu difu yakumbuyo, imene idagwira. Adatsegula botolo natsanulira m'mbale yachiwiri, nati uyu ndi oyilo wawo wa ku Joni, wa mu difu yakutsogolo, amene mudzi udamutcha wokhwimira. Kenaka adayala saka lawo lija pansi pa ngolo, nagona chagada, sipanala ili m'dzanja la zala zitatu.

Apo Timoteyo adadzidzimuka. Adakalipa kuti munthu wothamangitsidwa asakhudze katundu wake, adatchula mpando wake, adatchula chipani, adayang'ana uku ndi uku kufuna anyamata aja a malaya ofiira. Koma anyamatawo nawonso adali atasendera kufuna kuona. Bawuti adamasuka. Oyilo adatsika m'mbale yachitatu, atada pang'ono, koma akuyenderera mosalala m'chisanu chimene chinkaumitsa anthu milomo. Wakuba amasamala chakuba: difu ya ngoloyo adali ataitsuka ndi parafini asanathiremo.

A Alufeo adadzuka, nasasa jekete, naitana a Bernadetta kuti abwere apise chala m'mbale yachiwiri ndi yachitatu, popeza ndi iwo adafunsa kuti mafutawo ndi a nyama yanji. Mayiwo adafuna kubisala, anzawo adawakankha. Adapisa, adatikita, adanunkhiza. Adati ndi amodzi.

Timoteyo adati adagula pa boma. Mkulu wina wa ngolo adaseka, nati wa pa boma lero lino ungatembenuze chitini osagwa ndi dontho lomwe, ngati apampando apeza sitolo yatsopano awalozere.

"Alamu," adatero a Alufeo, osakweza mawu, "inu mudauza mudzi uno kuti mafuta awa ndi a ufiti. Chabwino. Ngati ndi a ufiti, akutani mu ngolo yanu chaka chonsechi, mpaka kunyamula matabwa a nyumba ya Mulungu? Ngati si a ufiti, adachoka bwanji m'galimoto mwanga ine ndili chigonere kuchipatala? Sankhanipo chimodzi. Ine zonse ndilandira."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Timoteyo adagwira baji yake ngati imuyankhira. Ndipo mawu amene adamutsiriza sadachoke kwa mlamu wake. Adachoka kumbali ya amayi, kwa Dorika, amene miyezi yonseyi adakhala atameza lilime.

"Achimwene, tsiku lija ndidabwera kudzatenga ufa wa kuchipatala ndidakupezani pansi pa galimoto. Mudati mukufuna mazira, nkhuku yanu ikuikira pamenepo. Nkhuku yake inkaikira m'chitini?"

Atanena zimenezo adadziphimba kumaso ndi chitenje, poti adakumbukanso amene adalanda saka m'mawa wa ngozi. A Alufeo sadamuyang'ane. Maso awo adali pakhomo pa tchalitchi, pamene Esitere adaima atatsamira ndodo, phewa limodzi lili pansi. Mtsikanayo ankayang'ana mbale zija, kenaka amalume ake, kenaka mbale. Pomaliza adakweza maso nawayang'ana bambo ake, osatembenukira kukhoma kulikonse. A Alufeo sadapite kwa iye. Ntchito idali isanathe.

Anthu ena, aja omwe chaka chatha adamvetsera kuseri kwa mipanda osatsokomola, adayamba kunena kuti nkhaniyi ndi ya pabanja, ikakambidwe kunyumba, pano ndi pamalo oyera. Timoteyo adagwira mawu amenewo ngati chingwe, nayamba kubwerera cham'mbuyo kulowera ku ng'ombe zake. Rafaelo adasuntha pang'ono, njira idatsekeka. A Alufeo adanyamula mbale ya phala lakuda ija naiika pa mapazi a mlamu wawo, utuchi ukukhudza nsapato.

"Kunyumba ayi. Ufiti wanga mudaulengeza pachipata cha chipatala, kundithamangitsa mudandithamangitsira pabwalo, ndiye muyankhanso pagulu. Za galimoto zisiyeni, chitsulo ndidzadzutsa china. Ine musandiyang'ane. Tembenukani uko. Mwana wa mlongo wanu uyo waima ndi ndodo, mudati ndi wanu. Muuzeni pakamwa panu, anthu onsewa akumva, amene adamuthyola mwendo ndi ndani, ndipo amene adamuuza kuti bambo ake adafuna magazi ake ndi ndani. Yankhani, alamu. Ng'ombe zanu zidikira."